Ndinatsala pang'ono kuwotcha kompyuta chifukwa cha vidiyo ya kitchen party

Imwe amene mumawelenga peji ino mumandidziwa ngati uja wa nkhani za oimba: ndani watulutsa nyimbo, ndani wakangana ndi ndani, show iti inadzaza ndipo iti inali ndi mipando chabe. Chimene simudziwa n'chakuti malipilo a mtolankhani wachinyamata amatha mwezi usanafike pakati. Ndiye pa Chiwelu ndimanyamula kamela n'kupita kukajambula ma kitchen party, chilanga mulilo ndi maukwati, kenako ndimakonza mavidiyowo pa kompyuta imene ili m'chipinda changa ku Chawama. Kompyuta imeneyo ndiyo imalipila lenti. Lelo ndilibe nkhani ya woimba aliyense. Ndifuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuipha ndi manja anga, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa imwe, a ma studio a mu komboni, a ma game shop, ndi imwe okonza mavidiyo ngati ine, mwamva kale mawu akuti overclocking ndipo zala zikukuyabwani.

Munali mu October 2024. Simunaiwale. Chilala chinali chitatsitsa madzi ku Kariba, ndipo kwathu malaiti anali kubwela cha m'ma 01:00 usiku n'kupita cha m'ma 04:00. Maola atatu chabe. Babu ikangoyaka, komboni yonse inali kuuka: uyu akusita yunifomu ya mwana, uyu akutchaja mafoni asanu, neba akuwotchelela geti pakati pa usiku. Ine nchito yanga inali render. Kwa amene simudziwa, render ndi pamene kompyuta imatenga zidutswa zonse zimene wadula, pamodzi ndi nyimbo, mawu ndi mitundu, n'kuzisoka kuti zikhale vidiyo imodzi yoti munthu aonele pa TV. Ikayamba siifuna kusokonezedwa. Malaiti akapita ili pakati, umayambanso pa zilo.

Mlungu umenewo ndinali ndi vidiyo ya kitchen party ya ola limodzi ndi mphindi 50. Anandilemba nchito anali amama ena a ku Chipata, amai ake a mkwatibwi. Anali atandipatsa hafu ya ndalama, ndipo hafuyo inali kale m'thumba la ba landlord. Anali kubwelela kwao pa Chisanu ndi basi yoyamba pa Intercity, ndipo anafuna kunyamula vidiyo pa flash, chifukwa ambuya ake a mtsikana, amene anamulela, miyendo siinawalole kubwela ku Lusaka.

"Mwana wanga, ambuya ake akufuna aone mmene mdzukulu wao anavinila. Usandichititse manyazi."

"Amama, osadandaula, ni nkhani ing'ono."

Pa Mande usiku malaiti anabwela 01:05. Ndinadina render, pulogalamu inati maola atatu ndi mphindi 10. Ndinakhala pa bedi n'kumayang'ana kamzele kakukwawa ngati nkhono. Nthawi itakwana 04:00, kamzele kali pa 92 pelesenti, mdima. Usiku wonse unalowa m'madzi.

Nzelu za pa YouTube

Pa Chiwili ku ofesi, m'malo molemba nkhani, ndinali pa YouTube. Kumeneko ndinapeza anyamata a kunja akuonetsa mmene amathamangitsila processor kupitilila liwilo limene inabwela nalo ku fakitale. Ndiyo overclocking imeneyo. Yanga ndi AMD Ryzen 5 2600, imene inatuluka mu 2018. Ili ndi ma core 6, liwilo lake loyambila ndi 3.4 GHz, ndipo yokha imatha kukwela mpaka 3.9 GHz nchito ikakhala yopepuka. Ndinaigula yogwilapo kale nchito, pamodzi ndi motherboard ya B450 ndi ka cooler kake ka m'bokosi kotchedwa Wraith Stealth.

Masamu ake si ovuta. Pali wotchi imene imagunda pa 100 MHz, ndipo processor imachulukitsa nambala imeneyo ndi ina yotchedwa multiplier. Multiplier ikakhala 34, liwilo ndi 3.4 GHz. Ukaifaka pa 41, ndi 4.1 GHz. Koma liwilo likakwela, processor imafunanso mphamvu ya magetsi yochulukilapo kuti isaphonye masamu, ndiyo voltage. Ganizilani mnyamata wa wilibala pa Soweto. Multiplier ndi mmene mukumuuzila kuti athamange, voltage ndi nsima imene mwamupatsa. Mukamuthamangitsa ndi njala, agwa. Mukamudyetsa maningi n'kumuthamangitsa padzuwa, thukuta limumaliza. Anyamata a pa YouTube anakamba zonsezi, koma khutu langa linangotola 4.1.

Usiku umenewo malaiti atangobwela ndinayatsa kompyuta n'kumadina Delete mpaka BIOS inatseguka. Multiplier ndinafaka 41. Voltage 1.40. Ndili momwemo ndinaona kabatani ka XMP kolonjeza kuthamangitsa RAM mpaka 3200, ndinati nako tiyeni. Zinthu zitatu nthawi imodzi. Windows inatseguka mushe. Ndinatsegula CPU-Z, ikuonetsa 4100 MHz, ndinajambula n'kuika pa status ya WhatsApp ndi timoto titatu. Kenako render.

Fan inayamba kulila ngati chigayo. Patapita mphindi 11, sikilini yonse inasanduka ya buluu, ndi kankhope kachisoni kaja, pansi pake palembedwa CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT. Ndinakumbukila kuti anati ikagwa, onjezela voltage. Ndinafaka 1.45. Ulendo uno inayenda mphindi 20, kenako inangozima, zii. Ndinayang'ana kudenga: babu ikuyaka. Si malaiti. M'chipinda munali fungo la fumbi lopsa, ndipo pamwamba pa case panali potentha ngati mbale ya pa mbaula. Nditayatsanso, ma fan anazungulila, koma sikilini inakhala yakuda bii. Ndinayesa kasanu. Malaiti anapita ine ndili chikhalile pansi, udzudzu ukundiimbila, ndikuganiza kumene ndingakongole ndalama zobwezela amama aja, ndiponso za kompyuta ina. Status ija ndinaichotsa mwakachetechete.

"Unachinja chani?"

Pa Chitatu ndinalonga case mu ukwa bag, ndinailipilila mpando wake mu minibasi, mpaka mu tauni. Kuli mudala wina amene ali ndi kashopu ka zokonzakonza, ka solar pa denga ndi inverter pansi pa tebulo. Anayamba ndi mawailesi ndi ma TV ine ndisanabadwe. Anandimvetsela osanena kanthu, kenako anafunsa:

"Unachinja chani?"

"Multiplier, voltage na RAM, ba mudala."

"Vonse pamozi?"

"Ee."

"Iwe mfana, ukamwa mankhwala yatatu pa nthawi imozi, uzaziba bwanji yamene yakupolesa na yamene yakudwalisa?"

Choyamba anazula chingwe cha magetsi, n'kuchotsa kabatile kozungulila ngati ndalama yachitsulo kamene kali pa motherboard, ka CR2032. Kabatile kameneko ndiko kamathandiza motherboard kukumbukila zimene mwasintha mu BIOS. Anakasiya pa tebulo mphindi zisanu, akumwa tiyi wake, n'kukabwezela. Atayatsa, sikilini inawala. Ndinatsala pang'ono kugwada. Sungani ichi: kompyuta ikakana kuonetsa chilichonse mutasewela ndi BIOS, kawilikawili siinafe. Yangokakamila pa manambala amene siingathe kuyamba nawo, ndipo kuchotsa kabatile, kapena kugunditsa ma pin awili olembedwa Clear CMOS, kumaibwezela mmene inachokela ku fakitale.

Ine ndinafuna tiyambenso overclock pomwepo. Mudala anakana. "Tiyambe taona mwamene isebenzela ilibe vako ivo." Anaika kapulogalamu kaulele ka HWiNFO, kamene kamaonetsa kutentha, liwilo ndi voltage, n'kutsegula Cinebench, imene imapatsa ma core onse nchito yolemetsa. Kompyuta ili chikhalile, isanayambe n'komwe nchito, inali pa madigili 58. Cinebench itayamba, mphindi zitatu sizinathe, inafika 95. Pamenepo liwilo linayamba kutsika lokha: 3.5, 3.3, 3.1.

"Waona? Kompyuta yako siyenze slow. Yenze kupya."

Processor imadziteteza yokha. Ikafika pa malile ake, amene pa Ryzen 5 2600 ndi madigili 95, imachepetsa liwilo kuti izizile, ndipo zikakanika imazimitsa makina onse. Amati throttling. Kutanthauza kuti miyezi yonseyo ndinali kuchita render ndi processor yotsimphina, ndiye pa Chiwili ndinatenga munthu wodwala malungo n'kumuuza kuti athamange.

Atatsegula case ndinachita manyazi. Fumbi la Chawama linali litalukana pakati pa tizitsulo ta cooler ngati bulangeti. Fan ya kumbuyo, imene imatulutsa mpweya wotentha, inali itafa kalekale ine osadziwa. Anauzila fumbi ndi blower atagwila fan ndi chala kuti isazungulile mopitilila muyeso. Pochotsa cooler anandichenjeza. Pa socket ya AM4 timiyendo tili pa processor yeniyeniyo, ndipo paste yakale imamata ngati guluu. Ukangokoka cooler molunjika, processor imatuluka nayo limodzi, timiyendo n'kupindika. Choncho umaichotsa idakali yofunda, ukuipotoza pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzele.

Pansi pake thermal paste inali itauma n'kung'ambika ngati matope a pa dambo mvula isanagwe. Nchito ya paste ndi kutseka timipata tosaoneka ndi maso pakati pa processor ndi cooler kuti kutentha kudutse bwino. Anapukuta ndi isopropyl alcohol, n'kufaka kadontho katsopano pakati, kukula kwake ngati kanjele ka nyemba. Osati kupaka ngati batala pa buledi, ndipo osati mankhwala otsukila mano, olo wina akulumbilileni kuti amasebenza. Atasintha fan yakufa ija n'kuyesanso, Cinebench inaima pa madigili 78, ma core onse ali chilili pa 3.7 GHz. Popanda overclock iliyonse.

Ali pa nchitoyo anandifunsa kumene kompyuta imakhala. Ndinati pansi, pa kona, kumbuyo kwake kutagunda chipupa, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Anaseka mpaka kukhosomola. Cooler siipanga kuzizila, imangosamutsa kutentha kuchoka pa processor kupita mu mpweya wa m'chipinda. Chipinda chikatenthelako ndi madigili 10, processor nayo imakwela pafupifupi madigili 10 omwewo. Mnyamata wa pa YouTube ali m'chipinda chozizila bwino, ine ndili pansi pa malata amene akhala padzuwa la October tsiku lonse. Manambala ake sangakhale anga. Futi voltage ndi yoopsa kuposa mmene ndinali kuganizila, chifukwa kutentha sikukwela molingana nayo, kumakwela ngati mwaichulukitsa ndi iyo yomwe. Kuchoka pa 1.2 kufika pa 1.4 kumaoneka ngati kanthu kochepa, koma kutentha kumene processor imatulutsa kumaonjezeka ndi pafupifupi 36 pelesenti, liwilo musanalikhudze n'komwe. Ine ndinafika 1.45 pa cooler yofunda bulangeti.

Ndikulonga kuti ndizipita, anafunsa funso limene mpaka lelo limandiwawa.

"Vidiyo yako ni itali bwanji?"

"Pafupifupi maola yabili."

"Nanga chifukwa chani sunaidule pakati? Part 1, Part 2. Malaiti yakayenda, waluza chabe imozi."

Ine ndi diploma yanga ya utolankhani ndinangoyang'ana pansi.

"Na overclock usagwileko mpaka nchito ya bantu isile. Ndalama ya bene si yoyeselapo. Futi ukagoneko, menso yako yaonesa ati naiwe uli pa 95."

Usiku wa pa Chitatu malaiti sanabwele n'komwe. Kunatsala usiku umodzi. Pa Chinayi ndinaikweza kompyuta pa tebulo, kutali ndi chipupa, windo yotsegula, vidiyo nditaidula pawili. Babu inayaka 01:10. Part 1 inatha 02:30. Sindinapume bwino mpaka Part 2 inatha 03:48. Zonse pamodzi maola awili ndi mphindi 38, pa kompyuta yomweyo imene pa Mande inafuna maola atatu ndi mphindi 10. Ndinakopela pa flash, ndinaonela poyambila, pakati ndi pomaliza, ndipo 04:05 mdima unabwela ine ndikuvala nsapato.

Pa Intercity ndinapeza amama atakhala kale pa mpando wa pa windo. Anamasula mfundo ya pa kona ya chitenge, anatulutsa ndalama zotsala, n'kumangilila flash pa mfundo yomweyo.

"Mulimo mmene anavinila?"

"Mulimo, amama. Nafakamo na slow motion."

Basi itanyamuka ndinakhala pa benchi kwa kanthawi, miyendo ikunjenjemela.

Sintha chimodzi, yesa, lemba

Overclock sindinaisiye, kaili ndine munthu wa makani. Koma ndinaiyambanso mu November, ndilibe nchito ya munthu m'manja, mafayilo onse nditawakopela pa hard drive ina. Ndinagula cooler yaikulu ya Cooler Master Hyper 212 yogwilapo kale nchito, ndi kope la sukulu lolembamo manambala. Ma Sondo atatu, tikachoka ku chalichi, ndinathela pa shopu ya mudala. Lamulo lake linali limodzi: sintha chinthu chimodzi, yesa, lemba.

Tinayamba ndi RAM yokha, processor ili mmene inabwelela. XMP nayonso ndi overclock, ngakhale imaoneka ngati kabatani kosalakwa. AMD inalemba kuti Ryzen 5 2600 imayendetsa DDR4 mpaka 2933, kupitilila apo ndi mwayi wako. Pa 3200, MemTest86, imene imayambila pa flash Windows isanatseguke, inatulutsa mizele yofiila isanamalize ulendo woyamba. Pa 2933 inazungulila kanayi popanda cholakwa. Ndiye kuti pa Chiwili paja, olo voltage ndikanaifikitsa kumwamba, kompyuta ikanagwabe, chifukwa wodwala wina anali RAM. Ndipo RAM yosakhazikika ndi mfiti yeniyeni. Nthawi zina siigwetsa Windows, imangoononga fayilo mwakachetechete, mudzazindikila kasitomala atakuimbilani kuti vidiyo ikudumpha.

Kenako processor. Tisanayambe tinagwilizana malile athu: kutentha kusapitilile madigili 85 pa test yolemetsa, voltage isapitilile 1.35. Tinayamba pa multiplier 38 ndi voltage 1.25. Cinebench mphindi 10, ikapambana, OCCT kapena Prime95 ola lathunthu, maso ali pa HWiNFO. Ikapilila, tikweze multiplier pang'ono. Ikagwa, tionjezele voltage kadontho, 0.0125 kapena 0.025, osati kulumpha ngati mmene ndinachitila ine.

Pali tinthu tiwili timene pa YouTube ndinadumpha. Choyamba, voltage imene mwalemba mu BIOS si imene imafika nchito ikalemela. Tinalemba 1.30, HWiNFO inaonetsa 1.24 test ili mkati, ndipo mpamene inali kugwela. Amati vdroop. Zili ngati mpopi wa pa plot umene umachepa madzi aliyense akatsegula wake. Mankhwala ake ndi Load-Line Calibration, mwachidule LLC. Ikani pakatikati, osati pamapeto, chifukwa yokwela kwambili imatha kuponya voltage kupyola imene mwapempha. Chachiwili ndi VRM, tizitsulo ndi timabokosi tozungulila socket timene timasandutsa ma volt 12 ochokela ku power supply kukhala 1 ndi kanthu amene processor imadya. Pa ma board otchipa timakhala topanda chozizilitsa, ndipo tikatentha timatsitsa liwilo olo processor ili pa madigili 70. Ka cooler kakale kanali kutiuzilako mpweya chifukwa kamapemelela pansi, pamene yaikulu ija imapemelela cham'mbali. Mudala anamangilila ka fan kakang'ono ndi ma cable tie moyang'ana pamenepo, nkhani inatha.

Zimenezi zitakonzedwa, m'kope langa munalembedwa kuti 3.9 inakhazikika pa 1.28, 4.0 inafuna 1.35, ndipo 4.1 inagwa pa 1.35 pomwepo. Tinaima. Onani mmene mtengo umakwelela: 100 MHz iliyonse ya kumapeto imadya voltage yambili kuposa imene yapita. Futi ma processor awili a dzina limodzi safanana, ali ngati ana a mimba imodzi. Ya mnzanu ifika 4.1 mosavuta, yanu ikana. Kukopela manambala a munthu wina ndi kuvala magalasi a maso a neba.

Chimene ndinapindula kwambili ndi kumva kalilidwe ka makina, chifukwa kugwa kulikonse kuli ndi chinenelo chake. Ikauma osayankha, kapena ikaonetsa sikilini ya buluu ya CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT kapena WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR pamene kutentha kuli bwinobwino, kawilikawili processor ili ndi njala: onjezelani voltage pang'ono kapena tsitsani multiplier. Ikalemba MEMORY_MANAGEMENT, kapena mapulogalamu akamangotsekeka okha, yambani mwakayikila RAM. Ikakhala siikugwa koma liwilo likutsika nchito ili mkati, kumeneko ndi kutentha, ndipo kuonjezela voltage apo ndi kuthila palafini pa mbaula. Ikazima zii popanda uthenga, yang'anani kutentha ndi power supply, makamaka tija totchipa topanda dzina, topepuka ngati mulibe kanthu mkati. Windows idzalemba Kernel-Power 41 mu Event Viewer, koma musaikhulupilile kwambili. Imangonena kuti makina anazima mosayenela, ndipo imalemba chimodzimodzi malaiti akapita.

Mphindi 8

Manje tiyeni tiwelengele. Ndinabwezela vidiyo ya kitchen party ija pa 3.9 GHz: maola awili ndi mphindi 30, madigili 74. Popanda overclock inali maola awili ndi mphindi 38. Ma Sondo atatu, cooler ina ndi usiku wa misozi zinandigulila mphindi 8. Kuchotsa fumbi, kadontho ka paste ndi fan imodzi zinandipatsa mphindi 32.

Sindikunena kuti musayese. M'ma Sondo atatu amenewo ndinaidziwa kompyuta yanga kuposa zaka zonse zimene ndakhala nayo. Koma lowani mukudziwa. Si makina onse amalola: ku Intel mufunika processor ya chilembo K kumapeto kwa dzina pamodzi ndi board ya Z, ku AMD ma Ryzen ambili ndi otsegula koma board ya A320 siinapangidwile zimenezi, ndipo laptop isiyeni chabe. Overclock imachotsa warranty, voltage yokwela kwa nthawi yaitali imakalambitsa processor, ndipo ma units a malaiti amatha msanga. Ma processor atsopano amadzikweza okha mpaka pafupi ndi malile ao akangopeza kuzizila kokwanila, choncho pa iwo cooler yabwino ndi case yopanda fumbi zimachita hafu ya nchito imene mukufuna kuvutikila mu BIOS.

Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo 4.1 GHz imene imagwa pa mphindi 11 siimaliza vidiyo ya munthu. BIOS yanga lelo ili ndi ma profile awili. Ina ndinaitcha June, ya 3.9 GHz, ya nthawi yozizila. Ina ndinaitcha October, zonse mmene zinachokela ku fakitale. Nchito ya kasitomala ikakhala ndi tsiku lake, olo kuzizile bwanji, ndimayatsa October.

Ndiye ngati usiku uno zala zikukuyabwani, musanadine Delete, zimani, zulani chingwe, tengani sikuludilaiva, tsegulani case. Yambani mwaona bulangeti limene cooler yanu yafunda.

Amama aja anandiimbila patapita mlungu. Ambuya anali ataonela vidiyo kanayi, ndi mudzi wonse. Koma anali ndi dandaulo limodzi.

"Akuti pena pake makina ako anali kuchedwa. Mwana anali kuvina pang'onopang'ono ngati wodwala."

Ndinawalonjeza kuti pa ukwati ndidzawathamangitsa.